Makaseti Asanu a Jeremiya

Anzanga, Jeremiya ndinakumana naye kudziko la eni, kumsika wa Kariakoo, mu 1996, katundu wakunja atangoyamba kusefukira m'masitolo. Ankagulitsa makaseti pa kathebulo. Ine ndinkafunira amayi kaseti ya kwaya, ndiye ndinadandaula m'Chichewa kuti dzuwa landipha.

"Kodi ndinu akumudzi?" anatero akumwetulira. Bambo ake anali a ku Dedza, oyendetsa lole.

Basi, ndinagwa ine.

Mnyamatayu ankakonda nyimbo zija amati progressive metal. Magitala olira ngati chigayo, nyimbo imodzi mphindi fifitini. Tsiku londifunsira anandipatsa makaseti asanu, ati umenewo ndiye mtima wake.

Koma kumvera naye nyimbo inali ntchito. Ikangoyamba, waimitsa.

"Iwe Tione, wamva ng'omazo? Werenga. Akumenya seveni, osati folo."

"Ndamva."

"Sunamve."

Watulutsa kaseti, kuizunguza ndi bolopeni posunga mabatire, tiyambirenso. Miyezi khumi, sindinamvepo nyimbo ngakhale imodzi mpaka kumapeto. Ndinkangogwedeza mutu kuti asandione wotsalira.

Kenako mnzanga anamuona mu daladala, minibasi ya ku Mwenge, ali ndi Mwanasha, mtsikana wogulitsa nsalu, mahedifoni amodzi atagawana. Nditamufunsa sanakane n'komwe.

"Mwanasha amamvetsa. Iwe ndiwe wabwino, koma mutu wako ndi wa nyimbo za mphindi zitatu."

Mawu amenewo anandipweteka kuposa Mwanashayo, chifukwa ndinawakhulupirira. Ndinayamba kudziona mbuli, moti pagulu ndinkangokhala chete. Makaseti ndinawaponya m'katoni kunsi kwa bedi.

Patatha zaka ziwiri anatulukira kwathu ku Kawe, atawonda. Mwanasha anali atamusiya.

"Ndinalakwa, Tione, tibwererane. Ndibwera Lamulungu, udzandiyankhe."

Ndinachita mantha. Ndinkadziwa kuti ndikhoza kuvomera...

Loweruka masana ndikuchapa, ndinaika kaseti imodzi m'wailesi kuti ndidziyese. Ndinati ndikalira, ndiye kuti ndikumufunabe. Manja anali thovu lokhalokha, kotero panalibe woimitsa.

Inayamba pang'onopang'ono, gitala limodzi. Ng'oma zinalowa, zinathamanga, kuphunthwa dala, n'kudzukanso. Chakumapeto kanyimbo koyamba kaja kanabwerera, koma tsopano kolemera, ngati munthu wobwera ku ulendo wautali. Thupi lonse tsemwe! Sindinawerenge seveni kapena folo, ndinangomva.

"Tione, wailesiyo yafa kodi?" amayi anafunsa ali pakhomo.

"Ayi amayi, ndi nyimbo."

"Pole," anandipepesa, n'kubwerera m'nyumba.

Pofika madzulo ndinali nditamaliza onse asanu. Poyanula zovala m'pamene ndinazindikira kuti tsiku lonselo Jeremiya sindinamuganizeko. Mtima unakhala pansi, anzanga. Makutu anga analibe vuto lililonse.

Lamulungu anabweradi atatchena. Ndinamuikira kaseti. Mphindi imodzi isanathe, chala chinali chikupita kale pa batani.

"Apa tamvera bwino, akufuna..."

Ndinamugwira dzanja. "Isiye ithe."

Anakhala mphindi fifitini zonse akusowa pogwira. Itatha ndinamuuza.

"Yankho ndi ayi. Makasetiwa sindibweza, ndawakonda."

"Serious? Wamvetsa chiyani iweyo?"

Ndinaseka, n'kumuperekeza mpaka pamsewu.

Anzanga, munthu akakuuzani kuti mulibe nzeru, musathamangire kumukhulupirira chifukwa choti mumamukonda. Ine zaka ziwiri zinandithera pamenepo.