Moni umene unawoletsa manachesi ku Nsambe

A Laimoni a ku Nsambe ndi munthu woti mukawaonera patali muli pa changu, ndi bwino kungokhotera m'tchire. Sikuti ndi oipa ayi. Vuto ndi moni wawo. Akakugwira dzanja salisiya: afunse za iwe, za kunyumba, za ana mmodzimmodzi, za chifuwa chimene unadwala chaka chatha, mpaka mbuzi yako yotsimphina ija. Anatengera bambo awo, amene anawasiyira zinthu ziwiri basi, ulemu ndi munda wa manachesi m'mphepete mwa phiri. Sukulu anangoilawa n'kuilavula. Anakagwirako ntchito ya ulonda ku Blantyre, koma sanakhalitse, ati anthu a kumeneko amakudutsa ngati chitsa.

Adani awo pa dziko lino ndi mavenda. Nyengo yozizira ikafika, manachesi atapsa mpaka nthambi kuwerama, mavenda amatulukira ndi lole, akudziwa bwino kuti msewu wa kuno sulola mlimi kunyada. Mtengo amatchula ali chiimire, akusenda nachesi lako lomwe, makoko n'kumataya pakhomo pako. Chaka chatha a Laimoni zinawakwana. Anauza venda wina pamaso pa anthu kuti, "Ndikadzakugulitsaninso, mudzandimete ndi botolo losweka!"

Anawalimbitsa mtima ndi mlamu wawo Callista, mng'ono wa akazi awo a Yunike, amene ali ndi kashopu ka fotokope pa boma pa Neno. Iyeyu anati awatsegulira sitolo ya pa intaneti, anthu a m'tauni azingoona manachesi pa foni n'kuitanitsa.

"Koma alamu, tsamba la sitoloyo limafuna pokhala," anatero Callista. "Pali makampani osunga masamba, timachita lendi ngati nyumba. Kuli kwabwino, kuli kotchipa."

"Kotchipako kuli bwanji?"

"Kuli ngati mdadada wa anthu ambirimbiri, koma khomo ndi limodzi. Wotulutsa katundu amayamba wadikira anzake."

"Ndiye pavuta pati? Kutchalitchi timalowera khomo limodzi, anafapo ndani? Kotchipa komweko!"

Callista anapukusa mutu, koma anapanga. Atamaliza anawaonetsa: chithunzi cha dengu la manachesi, mtengo wake, ndi nambala ya foni. A Laimoni anayang'ana n'kukwinya nkhope ngati aponda ndowe.

"Moni ali kuti?"

"Moni wanji, alamu?"

"Iwe, munthu wafika pakhomo pako, usanamupatse ndi mpando womwe, wayamba kumuponyera mtengo kumaso? Ndine venda ine? Kwanu anakulerani choncho eti?"

"Kwathu komweko ndi kumene munakapezako mkazi," anayankha Callista.

Sizinathandize. Lamulungu lotsatira a Laimoni anavala jekete la kutchalitchi, a Yunike chitenje chatsopano, n'kuima pakati pa munda kuti Callista awajambule kanema. Anapereka moni kwa a ku Blantyre, kwa a ku Zomba, kwa a ku Lilongwe, kwa mabwana ndi madona, n'kupepesa onse amene adzuka ndi mutu. Kenako anayenda mtengo ndi mtengo, kufotokoza amene anaudzala ndi maliro amene anachitika chaka chimenecho. Dzanja la Callista linachita dzanzi. Pomaliza analamula kuti aliyense wotsegula tsambalo aziyamba waonera kanemayo yense asanaone mtengo.

"Alamu, kanemayu ndi wolemera ngati thumba la simenti. Mukufuna adutse pa khomo limodzi lija? Ndi netiweki yathu ino yofuna munthu akwere pachulu?"

"Mlendo sadumpha moni," anatero a Laimoni, nkhani n'kuthera pomwepo.

Choseketsa n'chakuti pa foni yawo kanemayo ankayenda bwinobwino, poti anali atakhalamo kale. M'mawa uliwonse ankakwera chulu cha kuseri kwa nyumba, n'kudzionera okha. Mkulu wa mu foni akati "Muli bwanji?" iwo ankayankha, "Tili bwino, kaya inu." A Yunike ankangoyang'ana kumbali.

Manachesi anapsa. Foni zii. Anayamba kugwa okha, phwa, phwa, n'kumaphulika pansi. Munda wonse unayamba kununkha ngati masese ogonera, ntchentche zikuchita msonkhano, nkhumba za aneba zikubwera osaitanidwa n'kumabwerera zikudzandira. Ukaponda, nsapato imatuluka ndi phala lachikasu lokhala ndi mphutsi. A Laimoni ankayenda atatseka mphuno, akulavula malovu, akutukwana anthu a m'tauni kuti ndi osayamika. Mavenda podutsa ndi lole ankaliza hutala.

"Madala! Botolo lija tibwere nalo liti?"

"Bambo, kagulitseni kwa anyamatawa tisanatsale ndi masamba okhaokha," anatero a Yunike. "Mutu wanuwo tsitsi lake ndi lochepa kale, sazunzika pometa."

Zimenezo ndiye zinawakweza a Laimoni pa kabaza wa njinga yamoto, ulendo wa ku boma kukamukalipira Callista. Anafika ali mbuu ndi fumbi, koma moni sanaiwale. Atamaliza kufunsa za onse ndi pamene anayamba.

"Sitolo yako ija ndi yabodza!"

Callista anabwereka foni ya mayi wina amene ankadikira mapepala ake, n'kutsegula tsambalo. "Onani mmene alendo anu amakuonerani."

Panatuluka poyera pokhapokha. Pakati pake kagudumu kakuzungulira. Kuzungulira, kuzungulira, ngati galu wofuna pogona. Mayi uja anakhala pansi. A Laimoni anakanda chibwano. Mwadzidzidzi panatulukira nkhope yawo, koma itauma gwa: kukamwa yasa, diso limodzi lotsinzina, mano onse pabwalo. Mawu anangoti, "Mu… mu… mu…" basi, kagudumu kaja n'kubwereranso, pamphuno penipeni.

"Ameneyu ndani?" anafunsa a Laimoni motsitsa mawu.

"Ndinu, alamu. Jekete simukuliona?"

Mayi uja anabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka. Callista anatsegulanso uthenga wa mawu wochokera kwa Margret, mnzake wa ku Blantyre amene amagula zipatso zambiri n'kumaperekera m'masitolo. Mawu ake anamveka shopu yonse: "Iwe Callista, ndadikira mpaka bando yanga ya intaneti yatha, ndangoona mano a munthu. Manachesiwo alipo, kapena mukugulitsa mkuluyo?"

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," anang'ung'udza a Laimoni.

"Nkhono ili ndi nthawi, a Margret alibe. Mlendo ndi mame, alamu. Wa pa foni ndiye mame a mu Okutobala, ukangophethira wauma."

A Laimoni anayang'ananso nkhope yoyasamula ija. Ndiye kuti masiku onsewa, m'matauni monse, anthu akhala akuwaona chonchi, ngati mbuzi yotsamwa ndi chitsononkho?

"Chotsa," anatero. "Ndi mu mdadada muja titulukemo. Dziko lopanda moni, ptu!"

Callista anachotsa kanemayo, zithunzi anazichepetsa, tsamba analisamutsira kwabwino kuja. Linayamba kutseguka munthu asanameze malovu. Margret anaimba n'kunena kuti atumiza galimoto. Koma m'munda munali mutatsala mitengo ya kumunsi yokha, yochedwa kupsa. Manachesi ena onse owola aja a Laimoni anakumba dzenje n'kukwirira okha, nsalu ili pamphuno.

Galimoto inabwera ndi dalaivala wina dzina lake Ezekiele, amene anatsika injini ikulira.

"Madala, katundu ali kuti? Msewu wanuwu wandidyera nthawi."

A Laimoni anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi mpando, n'kuuika pakati pa njira yopita kumunda.

"Zimitsani chigalimoto chanucho, achimwene. Pa foni munanditseka pakamwa, koma pano ndi pakhomo panga. Khalani apa."

Anamugwira dzanja. Anafunsa za iye, za kunyumba, za ana mmodzimmodzi, za a Margret ndi amuna awo amene sanawaonepo. Ezekiele ankayankha akuyang'ana dzuwa, thukuta lili kamukamu. Kuseri kwawo a Yunike ndi amayi anzawo anali akukweza madengu mwakachetechete, ndipo pamene a Laimoni ankafika pa funso la mbuzi, galimoto inali itadzaza theka, manachesi n'kuthera pomwepo.

Tsitsi lawo lochepalo lidakalipo, botolo silinawakhudze. Koma musawafunse za intaneti. Amalavula kaye, kenako n'kukulozerani dzenje lija, limene mpaka lero nkhumba zimapitako kukapepesa maliro.