Chigamba Chimene Tahlia Anachotsa pa Jekete Langa

Anzanga, ine ndi Tahlia tinakumana ndili chagada pansi.

Linali Lamlungu masana ku Wollongong, gulu lathu lapamtima la Magpie Furnace likuimba, ife oonerera tikugundana pakati paja ngati ng'ombe m'khola. Ndinaterereka. Mwambo wathu mukuudziwa, wina akagwa timamudzutsa. Amene anandikoka kolala anali mtsikana wamfupi, jekete lake zigamba za magulu zokhazokha.

"Dzuka iwe, pano si pogona," anatero.

Patatha mwezi anandisokera chigamba cha Magpie Furnace kumsana kwa jekete langa, ndi manja ake. Kwa ife okonda nyimbo za metal, imeneyo ndiye mphete. Ndinkayenda ngati msewu ndi wanga.

Kenako gululo linatulutsa nyimbo yofatsa. Gitala wopanda magetsi, ng'oma zii, woimba wawo wobangula uja akuimba motsitsa za malemu bambo ake. Tahlia anaikonda. Ine ndinaikonda kuposa iye, koma anyamata a kugalaja komwe ndimagwira ntchito, makamaka Brodie, ankaiseka. Ndiye ndinalemba review, ndemanga yanga, pa tsamba la pa intaneti la okonda gululi: nyenyezi imodzi, "nyimbo yogonetsera makanda". Brodie anasangalala mpaka kundigulira mowa.

Tahlia anangoti aliyense ali ndi makutu ake.

Loweruka lina tikupita kunyanja, nditangoliza galimoto... nyimbo ija! Ndinaiwala kuti ndinaisiya ikubwerezabwereza. Tahlia anatenga foni yanga n'kuona kuti sabata yonse sindinamvere ina.

"Callum, ukanadana nayo zoona sindikanadandaula. Koma unanama kuti Brodie akuombere m'manja. Mawa akadzaseka ine, udzalemba chiyani?"

Anatulutsa kasizasi m'chikwama, kudula ulusi umodziumodzi, n'kutsika ndi chigamba chake. Masabata awiri ndinayenda ndi jekete lopanda kanthu kumsana. Zinandiwawa anzanga, ndinamusowa koopsa.

Ndinalembanso review, dzina langa pamwamba. Ndinaulula kuti ndinanama, kuti ndimaimvera tsiku lililonse popita kuntchito, kuti pamene mawu amatha gitala n'kutsala yekha ndimalira mpaka kuimika galimoto pambali. Nyenyezi zisanu.

M'mawa mwake ndinapeza matishu pa bokosi langa la masipanala. Brodie ameneyo. Koma masana ndinamumva ali kunsi kwa galimoto, akuimba nyimbo yomweyo chapansipansi.

Lamlungu Tahlia anangogogoda pakhomo, chigamba chija m'manja, singano ili pakamwa.

"Tembenuka."

"Ndivule kaye jekete?"

"Ayi. Ndisoka utavala."

Anandibaya katatu, ndipo ndikudziwa kuti kawiriko anachita dala. Chigambacho chinapendekeka, mpaka lero chili chomwecho. Sindilola munthu kuchiwongola.