Kukayesa Ana a ku Chikweo ndi Wotchi

Ndinakwera minibasi pa depoti ya Balaka 6 koloko m'mawa, chikwama ndili nacho pamiyendo. Munali mapepala a kankhani kamodzi kachidule, mapensulo atatu ndi foni. Ndine mphunzitsi, ndipo chaka chimenecho ofesi ya maphunziro inasankha enafe kuti tikayese ana a Sitandade 3 kuwerenga m'masukulu akutali. Ine inandigwera ya ku Chikweo, komwe ndinali ndisanapondeko.

"Munthu mmodzi tizipita!" anakuwa kondakitala. Munthu mmodziyo tinamudikira theka la ola, ndipo atabwera anali anthu asanu ndi thumba la makala. Mpaka pa Liwonde ndinalipira K4,000, mwendo umodzi uli m'malere.

Pa Liwonde ndinasintha, n'kukwera ya ku Ntaja. Ndinakhala moyandikana ndi bambo wina wa kachipewa koyera, yemwe amabwerera kwawo atagulitsa nsomba. Malonda anali atatha, koma fungo linali likadali pa ntchito. Ataona ndikusanja mapepala anandifunsa.

"Amadamu, amenewo ndi mayeso?"

Ndinawauza kuti mwana amawerenga mokweza kwa mphindi imodzi, ine ndikuyang'ana wotchi ya pa foni. Liwu lililonse lomwe walakwitsa kapena kulidumpha ndimalicheka ndi pensulo. Mphindi ikatha ndimaona pomwe wafika, n'kuchotsapo olakwitsawo. Otsalawo ndiwo liwiro lake.

"Basi? Ndiyeseni ineyo. Ine Sitandade 6 ndinaimaliza bwinobwino."

Ndinawapatsa pepala, ndinadina wotchi. Anayamba ngati akulengeza uthenga wa maliro pa wailesi, minibasi yonse ikumvetsera. Mphindi itatha anali pa liwu la 70, koma panjira anadumpha mzere wathunthu, ndipo "mphika" anautcha "mpira". Olakwika onse anakwana 14.

"Ndiye kuti mwawerenga mawu olondola 56 pa mphindi," ndinatero. "Tikagawa 56 ndi 70 aja, tikupeza kuti pa mawu 100 aliwonse mungakhoze 80."

"Nanga 20 enawo?"

"Mwawataya m'njira."

"Iyayi, ndi mabampuwa!" anatero, ngakhale pamenepo msewu unali wosalala. Mayi wina kumbuyo anafunsa ngati kwawo amaphikira mumpira. Anthu anaseka mpaka pa Nsanama, pomwe bambowo anatsika osatsanzika.

Pa Nsanama ndinagula chinangwa chophika kudzera pazenera, chothira mchere ndi tsabola. Cha m'ma 10 tinali pa Ntaja. Wa njinga yamoto anati K7,000, ndipo anandilimbitsa mtima kuti Chikweo ndi pompano. Tinadutsa minda ya chinangwa ndi thonje, njinga zakapalasa zosenza matumba, timitsinje touma, ndipo pompano uja sankafika. Pomwe ndimatsika pa sukulu, 12 koloko ili pafupi, nsidze zanga zinali zofiira ndi fumbi.

Ahedi, a Kalonga, anandilandira atavala jekete dzuwa likuswa mtengo. Anali atamva kuti kukubwera wa ku ofesi kudzaona ngati aphunzitsi akugwira ntchito, ndiye ana anawasesetsa bwalo kawiri. Ndinawafotokozera kuti zotsatirazi n'zothandiza kudziwa ana ofunika thandizo, osati kuchotsa munthu ntchito. Anagwedeza mutu, koma jekete sanavule.

Tinaika mipando iwiri pansi pa mtengo wa mango. Woyamba anali Isa, yemwe ahedi anati ndiye katswiri wa kalasi. Nditangodina wotchi, mwanayo anathamanga moti pensulo yanga inasokonezeka. Mizere iwiri yoyamba anaikhoza. Kenako ndinamva za galu wosaka, chonsecho pa pepala panga panalibe galu. Anali atalowa m'nkhani ya m'buku la m'kalasi yomwe analoweza pamtima, maso ali kumwamba kwa mango.

Wachiwiri anakakamira pa liwu limodzi. Lamulo lake n'lakuti mwana akaima masekondi atatu, ndimamuuza liwulo n'kulicheka. Koma mwanayu analitchula yekha, akuyang'ana kumbuyo kwanga. Nditacheuka ndinapeza ahedi akutambasula milomo ngati nsomba.

"Ahedi, kodi ku ofesi kulibe chochita?"

"Ndimayasamula chabe, amadamu." Anapita, koma anakaima pazenera.

Wachisanu ndi chimodzi anali Patuma, kamtsikana kochepa thupi. Ameneyu anabwera ndi mayi ake, omwe anakhala pansi chapatali, khasu lili pambali. Patuma anaika chala pa liwu loyamba n'kuyamba kuyenda nalo pang'onopang'ono. Penapake anati "anapita", anaima, n'kubwereza kuti "anapeza". Mwana akadzikonza yekha sitimucheka, ndiye ndinafufuta. Mawu ena amawatchula mwa Chiyao chakwawo, koma katchulidwe si kulakwa. Mphindi inamuthera pa liwu la 40, atalakwitsa awiri okha. Olondola 38 pa mphindi, ndipo pa 100 aliwonse, 95.

Mayi aja anasendera pafupi n'kugwada.

"Pepani amadamu. Wakhoza kapena walephera?"

"Liwiro likadali lochepa, mayi. Akufunika kumawerenga tsiku lililonse. Koma zomwe wawerengazo ndi zomwe zalembedwa."

"Sakuwonjezera zake?"

"Iyayi."

Anapuma mozama, n'kumasula kafoni pa nsonga ya chitenje. Anati amuna awo ali ku Joni chaka chachitatu tsopano, ndipo amatumiza mauthenga olemba. Iwowo sukulu sanapiteko, ndiye amakawerengetsa kwa aneba.

"Anebawo amawerenga mofulumira zedi," anatero. "Koma tsiku lina anandiuza kuti bambo akewa akuti akwatira wina. Ndinalira masiku awiri, osadya. Bambowo atayimba foni ndinamva kuti analemba zoti akwanitsa kupeza ntchito ina. Komanso chilichonse chomwe alemba, pofika madzulo chili pa mjigo."

Ndinaseka, koma iwo sanaseke. Anapereka foniyo kwa Patuma. Munali uthenga womwe unafika dzulo lake, ndipo anali atausunga osapita nawo kwa aneba, kudikira kuti amve kaye kwa ine. Patuma anaika chala pa galasi. Wotchi sindinaidine.

"Ndi-bwe-ra mwe-zi wa ma-wa. Mu-sa-u-ze mu-nthu."

Mayiwo anagwira pakamwa. Anayang'ana ine, anayang'ana ana omwe anali pamzere, kenako anayang'ana pazenera pomwe panali ahedi.

"Ine sindinamve kanthu!" anakuwa ahedi.

Ndinamaliza ana onse cha m'ma 3. Ahedi anandipatsa thobwa m'kapu yapulasitiki, ndipo wa njinga uja anandibwerera. Pa Balaka ndinafika usiku, msana ukuwawa. Polemba lipoti, nambala iliyonse inalowa m'bokosi lake, liwiro uku, kulondola uku. Kale ndinkayamba kuyang'ana liwiro, chifukwa ndilo limasangalatsa makutu. Chichokereni ku Chikweo ndimayamba ndi bokosi linalo, chifukwa kumeneko ndinaona kuti liwu limodzi lolakwika limatha kugonetsa munthu ndi njala masiku awiri.