Ndalama ya njovu ndinaitaya ndine

Bambo anga anatha zaka zambiri akusaka ndalama zinayi zachitsulo zoyamba za Malawi, za 1964, zija zonyezimira ngati kalilole zomwe sizinagulepo kanthu. Yomaliza, yokhala ndi chithunzi cha njovu, anaipeza kwa mnzawo wa kumgodi wa Shamva, kuno kunja kwa Malawi kumene timakhala. Ankaigwira ndi kansalu, kuopa kuidetsa ndi zala.

Mu 2007 ine ndinali lova, satifiketi ikuchita nkhungu m'sutikesi. Kutchalitchi abusa anati zinthu zakale zochokera kumudzi ndizo zimamanga mwayi wa ana. Kutaya zonse ndinaopa, choncho ndinaba ya njovuyo n'kukaiponya mumtsinje wa Mazowe, ndikukuwa aleluya ngati wamisala.

Ntchito sinabwere mpaka lero.

Bambo sanandikayikirepo, amangoti ndi ukalamba wawo. Loweruka lililonse amagwada pafupi ndi bedi m'nyumba yathu m'dera la Aerodrome, akubuula ndi mawondo, n'kuyamba kupapasa pansi.

"Mwanangu, maso anga anatha. Tandiunikire apa."

"Musadandaule Baba, mwina ili kukonako," ndimatero ine, galu wachabechabe, n'kuwayatsira tochi.