Sitepe Imene Ndinachotsa

Nditalemba mayeso a fomu 4 ndinkathandiza m'chipinda cha makompyuta pa sukulu ina ku Nsipe. Makompyutawo anali akale, ochita kupatsidwa. Aphunzitsi oyang'anira chipindacho anandiphunzitsa kuikamo pulogalamu yaulere yoyendetsera kompyuta, ija aliyense amaloledwa kukopera n'kugawira anzake pa fulashi.

Anthu ankaopa mafunso amene amabwera poika pulogalamuyo, choncho aphunzitsi anandipempha kuti ndilembe malangizo m'Chichewa. Ndinalemba masitepe khumi ndi awiri. Atawerenga anaseka.

"Mwalemba bwino, koma zatalika ngati ulaliki wa pamaliro. Woyamba kumene athawa."

Ndinachita manyazi, ndipo ndinadula mpaka anatsala asanu. Pali malo pamene kompyuta imafunsa ngati ifufute zonse zili mkati kapena isunge zakale. Pamenepo ndinachotsa chenjezo n'kungolemba kuti, "Apa musasinthe kanthu, pitirizani." M'makompyuta athu munalibe kanthu, ndiye sizinkavuta. Aphunzitsi anandiyamikira pamaso pa ana asukulu. Pepalalo analichita fotokope, ndipo linafika kumene ine sindinapondeko.

Tsiku lina kunabwera mayi wina wa ku Bwanje, mlangizi wa alimi a mpunga, atakulunga laputopu m'chitenje.

"Ndinu munalemba pepalali, achimwene?"

"Eya, mayi." Ndinkayesa abwera kudzathokoza.

"Ndatsatira zonse, makina akuthamanga ngati atsopano. Koma mawu a bambo anga sindikuwaona. Mundipezereko."

Anafotokoza kuti bambo awo asanamwalire anawajambula akuimba nyimbo za ngoma za mtundu wawo, m'Chingoni chimene ana onse sachidziwa. Mawuwo anali m'laputopumo mokha, poti foni yojambulirayo inatayika kalekale. Loweruka la sabata lomwelo kunali kuvundukula chiliza, ndipo abale anapangana kuti malemuwo adzamveke pa sipika.

Ndinadziwa nthawi yomweyo chimene chinachitika, koma pakamwa panga panatuluka zoti, "Ndiyese kaye, mayi."

Masiku atatu ndinafufuza ndi pulogalamu yobwezera zofufutika. Ndinapeza zithunzi za minda ndi kachidutswa kamodzi ka mawu: bambo wokalamba akutsokomola, kenako akufunsa, "Yayamba kujambula?" Nyimbo inangoyamba pang'ono n'kuduka.

Mayiwo atabweranso Lachinayi, ndinalankhula ndikuyang'ana pansi.

"Simunalakwitse ndinu, mayi. Panali chenjezo, ine ndinalichotsa kuti pepala lifupike."

Ndinawatsegulira kachidutswa kaja, ndipo anakamvetsera katatu, atagunditsa khutu pa laputopu. Kenako anafunsa, "Pepala lanuli lili ndi anthu angati?"

"Sindikudziwa."

"Kwathu kokha ndaliona kwa anthu anayi. Musavutike ndi kundipepesa, mwanangu, zanga zapita. Thamangirani enawo."

Ndinalembanso malangizowo, masitepe onse khumi ndi awiri. Sitepe yoyambirira inali yakuti ufunse kaye aliyense wa m'nyumbamo zimene anasungamo, uzikopere pena. Aphunzitsi ataona pepala latsopanoli sananenenso za ulaliki.

Loweruka ndinatsetsereka pa njinga kupita ku Bwanje, mapepala atsopano ali m'chikwama. Dzuwa linali litakwera pamene ndinkadutsa pafupi ndi manda, ndipo ndinamva sipika. Kutsokomola kuja, funso lija, chiyambi cha nyimbo. Ndinatsika panjinga n'kuima pamsewu, kudikira kuti mwina pagulupo wina aipitiriza. Palibe amene anaipitiriza, mpaka amayi a mpingo anayambitsa nyimbo ya m'buku.

Mapepala akale ndinapezako awiri okha.