Kuperekeza Bambo pa Embakasi

Bambo anga anaphunzitsa Chingerezi ku pulayimale mpaka kupuma pa ntchito, ndipo mwa mawu onse a chinenerocho ankakonda kamneni kamodzi, kakuti take. Ankati ndi wilibala ya azungu, chilichonse amaponyamo. Tiyi take, basi take, mankhwala take, ngakhale nthawi yeniyeniyo take. "Anthu aulesi awa," ankatero, koma nkhope ili mwee.

Anabwera kwathu ku Kitengela chifukwa cha matenda. Zipatala za kumudzi zinali zitalephera, ndipo poti ine ndimagwira ntchito ku bungwe lina muno mu Nairobi, ndinawaitanitsa kuti adzayese za kuno. Mtima wanga unali pawiri. Mwana wanga wamkazi anabadwira konkuno, ndipo Chichewa chake chinkathera pa "zikomo" ndi "ndili bwino". Ndinkaopa kuti agogo ake apita iye asanatolepo kanthu kakwathu, atsale manja lende ngati mwana wongotola.

Chinawagwirizanitsa ndi kamneni kaja. Akaweruka kusukulu ankakhala nawo pakhonde, n'kumapikisana kuti ndani adziwa ntchito zake zambiri. Bambo ankatulutsa za m'mabuku akale, iye za m'tauni muno.

"Agogo, you take a matatu, then you take a boda," anatero tsiku lina, kunena minibasi ndi njinga zamoto za kabaza za kuno. Atawonjezera kuti take a selfie, Bambo anakweza manja.

"Wandigonjetsa, mkazi wanga. Ameneyo sindinamuphunzitsepo." Ankamutcha choncho monga achitira agogo aamuna kwathu, ndipo iye ankaseka mpaka misozi. Ine ndinkasangalala, komabe kena kake kankandiluma: ubale wawo wonse unali m'chinenero cha eni.

Lamlungu lina kunabwera banja lina la Amalawi a kutchalitchi, okhala ku Runda, kudzazonda odwala. Galimoto yawo anaisiya kunja kwa geti lalikulu la mpanda wathu. Potsanzika, mwana wanga anangoti "bye" ali pa sofa, ine ndinaima pakhomo n'kukweza dzanja. Ndinkati mlonda awatsegulira. Ndinangoona Bambo adzuka, munthu amene kupita kubafa kokha inali ntchito, atenga ndodo, alanda chikwama cha mayi wa banjalo, ulendo. Anabwerako ali wefuwefu, thukuta kamukamu. Ndinakalipa, pakuti ine mkwiyo suchedwa.

"Bambo, mufuna mutigwere panjira?"

"Mlendo sasiyidwa pakhomo ngati wogulitsa makala," anayankha atapezako mpweya.

Mwana uja anati akanamuuza, akanatha iyeyo: "I could take them to the gate."

"Iyayi, mkazi wanga. Pamenepo wilibala yathu siifika. Munthu timamuperekeza." Anamufotokozera pang'onopang'ono, Chichewa apa Chingerezi apo, kuti umamunyamulira katundu, umayenda mayendedwe ake, ndipo subwerera mpaka mwini wakeyo atakuuza kuti bwerera. Iye anangoti "sawa", chabwino wa Chiswahili, n'kubwerera pa foni yake. Ndinati basi, zalowa khutu ili n'kutulukira linalo.

Patapita miyezi, dokotala anandiitanira pambali n'kundiuza kuti palibenso chimene angachite. Bambo sanafune zowanyengerera. Anati ndiwabwezere kwawo akadali ndi mphamvu zokwera ndege. Ndinalira m'galimoto njira yonse yobwerera kunyumba, mumsewu wa Namanga, pakati pa malole, osasamala ondiona.

Tinagwirizana kuti ine ndipite nawo, mwana atsale ndi amuna anga, bambo ake, chifukwa cha mayeso. Tonse tinapita ku bwalo la ndege ku Embakasi. Titatsika galimoto, mwana uja anatenga chikwama chachikopa cha agogo ake popanda womutuma. Iye amene amayenda ngati akuthamangitsidwa, tsiku limenelo ankaponda pomwe ndodo yaponda. Bambo akaima kuti apume, nayenso ankaima.

Pakhomo lolowera salola munthu wopanda tikiti. Mlonda anatambasula dzanja kumuletsa.

"Bweretsa chikwamacho, bambo ako akudikira kugalimoto," ndinamuuza.

Sanasunthe. Kumbuyo kwathu mzere unayamba kung'ung'udza, wina n'kukuwa m'Chiswahili kuti tisunthe, "Madam, songa!" Ndinatsala pang'ono kumukalipira, koma ndinaona kuti sakuyang'ana ine ayi. Maso ake anali pa agogo ake. Ankadikira kuti amuuze.

Bambo nawonso anali atazindikira. Anaima pomwepo. Manja onse anali pa ndodo. Ankadziwa, monga ndinkadziwira ine, kuti akangomuuza ndiye kuti basi, sadzaonananso. Anthu anayamba kutilambalala, ndipo ine sindinawafulumizenso Bambo. Chisoni cha pamenepo chinaposa ngakhale cha tsiku la maliro awo, amene anachitika mvula isanagwe chaka chomwecho.

Potsiriza anamugwira paphewa. Chingerezi chonse chija anachisiya.

"Wandiperekeza, mkazi wanga. Bwerera pompano."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndimumasulire, monga ndinkachitira masiku onse. Koma iye anali atapinda kale maondo, akupereka chikwama chija ndi manja awiri.