Madzi Oyamba a Kalongonda

Ndili Fomu 2 ndinasiya kuyankhula kusukulu. Pasekondale yathu yoyendera ku Jenala panali lamulo loti wopezeka akuyankhula Chichewa kapena Chilomwe avale chigoba cha nkhono m'khosi mpaka atapeza wina womupatsira. Ine ndinachivala kamodzi, anyamata n'kunditcha mayi a nkhono teremu yonse. Basi ndinangoti pakamwa panga ndipatseke, tione amene adzandivekenso.

Ndinkakhala pafupi ndi windo lopanda galasi n'kumayang'ana phiri la Michesi. Mitambo inkabwera kudzagona pamwamba pake, kenako n'kutsetserekera kuseri. Mumtima mwanga ndinkati Chizungu chimakhala kuseri komweko, m'nyumba za masitepe, ndipo kuno chimangobwera kudzacheza m'mabuku. Aphunzitsi akamalemba pabolodi, ine ndinali nditakwera kale masitepewo, ndikusuzumira m'zipinda za anthu.

Kulemba tinkalemba ndithu, koma zinali zoseketsa. Akati tilembe chimangirizo cha mmene tinathera Loweruka, kalasi yonse inkadzuka pabedi, kumwa tiyi wamkaka ndi buledi wopaka majarini, kenako kupita kutauni. Bambo anga anatisiya ndili wakhanda, koma m'zimangirizo zanga anali ndi galimoto yofiira. Sitinkaona ngati tikunama ayi. Tinkangoganiza kuti Chizungu chimanyamula zinthu zimenezo basi, ndipo khasu, nandolo ndi fumbi la kwathu sizingalowemo. Malikisi anga ankakhala pansi penipeni.

Amalume anali ataona kale kumene zinkalowera. Anabwera tsiku lina, n'kuyedzamitsa njinga yawo pamtengo wa mango, n'kuuza amayi kuti wolephera Chizungu pamayeso a JC salandira satifiketi, choncho panalibe chifukwa chodikira mayesowo. Anali atandipezera malo ku Limbe, kubanja lina lofuna wolera mwana. Ndinkayenera kunyamuka teremu ikatha.

"Ndingakane bwanji, achimwene?" anatero amayi. "Chizungu chakecho ine sindinachimvepo n'tsiku limodzi lomwe."

Ndinali kuseri kwa nyumba ndikusenda chinangwa, ndipo ndinamva zonse. Zinandipweteka kwambiri chifukwa amayi ankanena zoona.

Teremu yomweyo kunabwera mphunzitsi watsopano wa Chizungu, mayi wa ku Ntcheu, wamtali, woseka mokweza. Tinkangowatcha madamu. Chigoba chija anachitenga n'kuchiika pamwamba pa mapepala awo kuti asamauluke ndi mphepo. Anawerenga zimangirizo zathu, n'kufunsa kuti magalimoto onsewa timawaimika kuti, popeza iwo pobwera anangoona njinga ndi mbuzi. Kenako anatigawa m'magulu. Gulu lililonse linayenera kusankha chinthu chimodzi cha kwathu, kukafunsa eni ake ochidziwa, n'kuchilemba m'Chizungu. Anati zolembazo zikapita pakompyuta kwa ana a sukulu ina, kudziko lozizira, kutsidya kwa nyanja zamchere, ndipo anawo adzayankha.

Gulu lathu linasowa chosankha mpaka tsiku limene madamu anandipeza kuseri kwa kalasi ndikudya kalongonda wa m'kapepala.

"Chimenecho n'chiyani?" anafunsa.

Mnzanga wina ndiye anawauza kuti ndi kalongonda, nyemba za kwathu.

Madamu anadumphira kumbuyo atagwira pamtima. "Kalongonda! Si ameneyu munaphera makolo anga inu Alomwe?"

Tinaseka mpaka misozi. Kwathu mwana aliyense amaidziwa nkhaniyo, yoti Angoni atabwera ndi nkhondo, makolo athu anathawira kuphiri n'kusiya miphika ya kalongonda wosapsa pamoto. Angoni anadya, mutu n'kuwazungulira, nkhondo n'kuthera pomwepo. Kaya zinachitikadi, kaya ayi, koma mpaka lero Mlomwe ndi Mngoni akakumana amanyozana ngati pachisuweni.

"Gulu lanu lilembe zimenezi," anatero madamu. "Ndikufuna ndimudziwe mdani wanga."

Ntchito yofunsa inagwera ine, poti amayi ankadziwika ndi kalongonda wofewa. Anzanga olongolola ndiwo ankagwira cholembera, ine ndinkangowanong'oneza. Tinalemba mmene amabzalira pakati pa chimanga, mmene amayangira mapesi, mmene makoko ake amalendewera ngati zala zonenepa. Tinalemba zomuwiritsa, zomusenda khungu, zomuwiritsanso ndi kuthira mchere. Mawu ena tinkawasaka m'dikishonale imodzi ya sukulu, yopanda chikuto, ena tinkangowazungulira. Ndinadabwa kuona munda wa amayi ukulowa m'Chizungu pang'onopang'ono, osakanidwa pakhomo.

Kompyuta inali ku Boma, muofesi ina ya mishoni, ndipo madamu anatitengera kumeneko Loweruka lina. Inali yofundidwa nsalu ngati mwana wodwala. Kalaliki wa muofesimo, bambo wa tayi wochokera ku Lilongwe, anaivundukula, n'kulumikiza chingwe cha telefoni. Inayamba kulira, kukhosomola, kuimba likhweru, mpaka inakhala chete. Madamu anataipa zolemba zathu, kalaliki n'kudina kamodzi, n'kuti zapita. Ine ndinayang'ana chingwe chija mmene chinatulukira pawindo kupita pamtengo wa mawaya. Masabata otsatira ndinkaona kalongonda wathu akuyenda m'waya, mmodzimmodzi, kudutsa Michesi, kudutsa pansi pa nyanja, nsomba zikumuyang'ana.

Yankho linabwera teremu itatsala pang'ono kutha. Linali Lachitatu. Madamu anali atalandira uthenga wa maliro kwawo, ndiye anangotigawira mapepala athu ali chiimire, chikwama chili kale m'manja, n'kuthamangira minibasi. Pepala la gulu lathu anandipatsa ine.

Ndinakaliwerengera kunyumba, amayi akupeta nandolo pabwalo. Ndinkawerenga chamumtima n'kumawamasulira. Ana aja anati sanamvepo za nyemba yotere. Anafunsa ngati makoko ake amayabwa. Anafunsa ngati phiri lathu lili ndi anyani. Amayi ankangoti "Ehe," lichero likuyendabe. Kenako ndinafika pamzere womaliza. Anati mphunzitsi wawo wapeza mbewu yake kusitolo ina ya mbewu, ndipo Lachisanu likubwerali aphika m'kalasi motsatira zimene tinalemba, kuti aliyense alawe.

Lichero linaima.

"Za madzi munawauza?"

"Madzi ati, amayi?"

"Iwe! Madzi oyamba. Madzi achiwiri. Munawauza kuti azitaya?"

Ndinakumbukira zolemba zathu mzere ndi mzere. Munalibe. Kalongonda amawira tsiku lathunthu, madzi ake akada umataya n'kuthira ena, akadanso umatayanso, mpaka atayera, ndipo ukalakwitsa pamenepo wadyetsa anthu poizoni. Koma kwathu amene sadziwa zimenezo ndani? Tonse m'gulu lija tinakula tikuona madzi akuda akutayidwa kutali ndi nkhuku. Palibe ndi mmodzi yemwe anaganiza kuti n'zofunika kulemba, monga mmene sungamuuzire munthu kuti asagwire moto. Madamu nawo, Mngoni wosamudziwa kalongonda, akanadziwa bwanji kuti pali chimene chasowa?

"Ana a eni," anatero amayi, atagwira m'mutu. "Ana a eni akafere mphika wanga?"

Anayamba kuutcha mphika wawo, chonsecho unali kutsidya kwa nyanja. Anasiya nandolo pomwepo, nkhuku zikuchita naye phwando, n'kupita kwa amalume kukabwereka njinga.

Tinanyamuka Lachinayi kukucha, ine ndikupalasa, amayi ali pakaliyala. Michesi anali patsogolo pathu ulendo wonse, akukula pang'onopang'ono, nkhungu itamumanga m'chiuno ngati chitenje. Tsiku limenelo sindinaganize za nyumba za masitepe. Ndinkaona ana oyera tsitsi atazungulira mphika, masupuni ali m'manja, ndipo miyendo yanga inkapalasa yokha. Amayi kumbuyo ankabwereza malangizo awo ngati pemphero, pena m'Chichewa, pena m'Chilomwe.

Titafika ku Boma tinapeza magetsi atazima. Kalaliki uja anamvetsera nkhani yathu, n'kuti tidikire. Tinakhala pansi pa mtengo wa kesha, tikuyang'ana babu la pakhonde. Dzuwa linafika pamutu, linayamba kupendeka. Amayi, amene sankatha kukhala manja ali chabe, anakhala duu osadya n'komwe mbatata imene tinatenga. Kangapo konse anandifunsa ngati kumene kuli anawo Lachisanu limafika tsiku limodzi ndi kwathu. Sindinkadziwa.

Babu litayaka, amayi ndiwo anayamba kulowa muofesi. Kompyuta inalira kulira kwake kuja, kalaliki n'kutsegula pamene madamu ankalembera.

"Khala apa ulembe," anandiuza.

"Mwina mulembe ndinu, bambo," ndinatero.

"Ine kalongonda sindimudziwa, ndipo ndili ndi ntchito ya abwana. Si iwe wa Fomu 2?"

Ndinakhala pampando. Zilembo zinali zomwazikana ngati nandolo uja tinamusiya pabwalo, A kuno, B uko. Ndinkazisaka ndi chala chimodzi. Amayi anaima kumbuyo kwanga, dzanja lawo lili paphewa langa, likununkha utsi.

"Yamba ndi kuti asadye. Zinazo pambuyo."

Ndinalemba kuti musadye.

"Uwauze kuti madzi akada ataye. Asataye pafupi ndi ziweto. Uwauze kuti asatope, moto usazime. Akaona kuti apsa, alawe wamkulu kaye, kachidutswa kokha, adikire. Ana pambuyo. Ndipo ngati akuopa, asiye, si manyazi."

Panalibe dikishonale, panalibe mnzanga wolongolola. Mawu a poizoni ndinkawadziwa. Mawu a chizungulire sindinkawadziwa, ndiye ndinalemba kuti nyumba idzayamba kuyenda mozungulira inu muli chikhalire. Kuda kwa madzi ndinati ngati tiyi wopanda mkaka amene waiwalidwa pamoto. Ndinkatuluka thukuta, koma mantha a Chizungu anali atachoka, atatsala a ana aja okha. Mawu ankabwera opunduka, ena otsimphina, koma ankabwera.

Nditamaliza kalaliki anati, "Werenga mokweza ndimve ngati zikumveka, tisanatumize."

Ndinayang'ana pakhomo ngati kuti wina alowa ndi chigoba cha nkhono. Kenako ndinawerenga. Mawu anga anatuluka aang'ono, okhala ngati a munthu wina, koma ndinafika nawo kumapeto. Kalaliki anakonza malo awiri kapena atatu, n'kuti zikumveka bwino.

Dzanja la amayi lija linali litalimba paphewa langa.

"Chizungu chija n'chimenechi?" anafunsa.

"Eya, amayi."

"Zonse ndanena zija zalowamo?"

"Zalowa."

"Wanena kuti wanena ndani?"

"Ayi."

"Lemba. Lemba kuti anena ndi mayi ako, a ku Jenala, amene amaphika."

Ndinalemba, kalaliki n'kudina. Amayi anapita pawindo kukayang'ana waya uja, monga ndinachitira ine tsiku loyamba, ndipo anakhalapo nthawi ndithu.

Madamu atabwerako kumaliro anabweretsa pepala lina. Uthenga wathu unafika nthawi yabwino. Ana aja sanaphike. Anati achita mantha, m'malo mwake abzala mbewuzo m'zitini n'kuziika pawindo la kalasi, ndipo anapereka moni kwa mayi amene amaphika. Madamu anabwera okha kunyumba kudzawerenga pepalalo. Amayi anawayalira mphasa n'kuwauza kuti ulendo uno Mngoni wapulumuka kwa kalongonda, ayamike. Anaseka awiriwo mpaka kugwirana manja.

Ine zitini zija zinandikhala m'mutu zaka zambiri. Ndinkaona kalongonda akuyanga windo lagalasi, kunja kukugwa chisanu choyera, akusakasaka phesi la chimanga loti agwire. Kaya anabereka, sindinamve.

Teremu itatha amalume anabwera monga ananenera. Anayedzamitsa njinga pamtengo wa mango, n'kufunsa ngati ndalongedza, poti minibasi ya ku Limbe sidikira munthu. Ine ndinali pakhomo, kachikwama kali kumapazi. Mayeso anali asanalembedwe, ndipo panalibe amene akanalonjeza kuti ndidzakhoza.

Amayi anatuluka m'khitchini akupukuta manja pachitenje. Anatenga kachikwama kaja n'kukaponya m'nyumba.

"Achimwene, akapeze wina wolera mwana," anatero. "Uyu ndamumva ndekha ndi makutu angawa. Akapita ku Limbe, ana aja akadzafunsanso kanthu, ine ndidzawayankha ndi pakamwa pa ndani?"